MTSUTSO WA M'SUKULU: MBIRI YA KAPHUNZITSIDWE KA LOJIKI

Mau oyamba

Kuyambira kale aphunzitsi a filosofi amaika lojiki pakhomo penipeni pa maphunziro ao, kuti wophunzira ayambe wadzera pamenepo asanaloŵe m'zipinda zam'kati. Lojiki ndi phunziro lounika kayendedwe ka maganizo: limafunsa ngati mfundo imene munthu wamalizira ikutulukadi m'mfundo zimene wayambira, kapena wangoilumphira. Ambiri mwa amene adakhalapo pa benchi ya seminale kapena ya yunivesite amaikumbukira ngati mndandanda wa malamulo oloŵeza pamtima, oti munthu akalemba mayeso aŵaiŵale. Koma mbiri ya maphunziro ikuonetsa kuti sizinali choncho nthaŵi zonse. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, lojiki ankaiphunzitsa monga m'mene mmisiri amaphunzitsira kusula: wophunzira ankamupatsa nyundo m'manja. Nyundoyo inali mtsutso, ndiye kuti anthu aŵiri kuima pamaso pa anzao, wina kuteteza mfundo, wina kuigwetsa, onse aŵiri atamangidwa ndi malamulo okhwima.

M'nkhani ino titsata mbiri ya mtsutso umenewu: kumene udabadwira, m'mene udakulira, chimene chidaufooketsa, ndi m'mene udatulukiranso utavala dzina lina. Poutsata tiona kuti mphamvu yake idagona makamaka pa lamulo limodzi, lokakamiza munthu kumvetsa mfundo ya mnzake asanaiyankhe.

1. Ku Athens: wofunsa ndi woyankha

Socrates, amene bwalo la mzinda wa Athens lidamugamula kuti afe m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, sadasiye buku ndi limodzi lomwe. Ntchito yake inali kufunsa. Wophunzira wake Plato, m'buku lotchedwa Meno, akutisonyeza Socrates ataitana mnyamata wina, kapolo wosapita ku sukulu. Adamujambulira pansi kamunda ka mbali zinai zolingana, namufunsa kuti mbalizo zitalike motani kuti kamundako kakule kaŵiri. Mnyamatayo adayankha msanga kuti mbali iliyonse italike kaŵiri. Socrates sadamudzudzule. Adapitiriza kumufunsa mpaka mnyamatayo adaona yekha kuti potero kamundako kakula kanai, ndipo pambuyo pake adapeza yankho lenileni pa mzere wodutsa pakati, wochokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo. Mphunzitsi adangoyala mafunso. Wophunzira adagwa, nadzuka yekha.

Plato yemweyo ankachiopa chida chimenechi. M'gawo lachisanu ndi chiŵiri la buku lake la Republic akudandaula kuti anyamata akangolaŵa kutsutsa amasanduka ngati tiagalu tokondwa ndi kukoka ndi kung'amba chilichonse chili pafupi, ndipo potsiriza sakhulupiriranso kanthu. Nchifukwa chake adalangiza kuti munthu asaloŵe m'maphunziro ameneŵa asanakwane zaka 30. Mantha ameneŵa tikumana nawonso kutsogoloku.

Amene adalemba malamulo a mtsutso m'buku ndi Aristotle (384–322 Khristu asanabadwe), amene adakhala zaka 20 pa sukulu ya Plato yotchedwa Academy. Buku lake la Topics likulongosola maseŵera a anthu aŵiri. Woyankha amasankha mfundo yoti aiteteze. Wofunsa amamufunsa mafunso oyenera kuyankhidwa ndi "inde" kapena "iyai" basi, ndipo amatola mayankhowo limodzilimodzi mpaka ataunjika okwanira kuonetsa kuti woyankhayo wavomera zinthu zogwetsa mfundo yake yomwe. M'gawo lachisanu ndi chitatu Aristotle akulangiza onse aŵiri. Wofunsa abise kumene akuloza, asandandike mafunso ake motsatana, kuwopa kuti mnzake angatulukire msampha. Woyankha akaona kuti liwu lina lili ndi matanthauzo aŵiri, anene pomwepo asanavomere. Aristotle akuti maseŵeraŵa ali ndi phindu patatu: amazoloŵeretsa nzeru, amathandiza pokambirana ndi anthu, ndipo amaunika maziko a maphunziro ena. Liwu lachigriki limene adatchulira phindu loyambalo ndi lomwe ankanenera za anyamata olimbitsa thupi pa bwalo.

M'buku lina laling'ono, Sophistical Refutations, adaŵerenga njira 13 zimene mfundo yabodza imadzera kuti ioneke ngati yoona. Yoyamba ndi ya liwu la matanthauzo aŵiri. M'chinenero chathu tingaionetse motere: mtengo uli ndi mizu, nsalu ili ndi mtengo, choncho nsalu ili ndi chinthu cha mizu. Apa ndi mwana yemwe aseka, koma chinyengo chomwechi chikavala mau aakulu monga "ufulu" kapena "chilengedwe" chimagwetsa ndi akuluakulu omwe. Akatswiri ambiri a zolemba za Aristotle amaona kuti mbali yaikulu ya Topics idalembedwa lisanalembedwe buku la Prior Analytics, m'mene muli chiphunzitso chake chotchuka cha silojizimu. Ngati zili choncho, ndiye kuti maseŵera ndiwo adayamba, malamulo nkubwera pambuyo, monga gule amayamba anthu asanakhale pansi kuti alongosole kaponyedwe ka phazi.

2. Kuchokera kwa Alcuin kufika kwa Abelard

Ufumu wa Aroma wakuzambwe utagwa m'chaka cha 476, odziŵa Chigriki adachepa kwambiri m'maiko a kumeneko. Boethius, amene adaphedwa cha m'ma 524, adamasulira m'Chilatini mabuku a lojiki a Aristotle, koma amene adafala m'sukulu za amonke anali oŵerengeka: Categories, On Interpretation ndi kabuku ka Porphyry kotchedwa Isagoge, pamodzi ndi zolemba za Boethius mwini wake. Lojiki inali limodzi mwa maphunziro atatu oyambira. Ena aŵiriwo anali galamala ndi luso la kulankhula pa gulu.

Ngakhale m'nyengo yosoŵa mabukuyi, aphunzitsi sadaleke kunola nzeru za ophunzira ndi maseŵera. Alcuin wa ku York, amene ankatsogolera sukulu ya ku nyumba ya mfumu Charlemagne ndipo adamwalira mu 804, ankalemba mabuku ake mwa mafunso ndi mayankho, ena onga ndagi. Pali kabuku ka mafunso othetsa nzeru kamene anthu amati ndi kake. M'menemo muli nkhani ya munthu wofuna kuolotsa mmbulu, mbuzi ndi mtolo wa kabichi pa bwato lotha kunyamula iyeyo ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya mmbulu ndi mbuzi, mbuzi idyedwa. Akasiya mbuzi ndi kabichi, kabichi atha. Njira ilipo, koma amaipeza ndi yekhayo amene walola ganizo looneka ngati lopusa, lakuti mbuzi imene waiolotsa kale aibwezenso tsidya lino. Mwana amene wathetsa zimenezi waphunzira kuyesa njira zonse mwadongosolo, ngakhale sadamvepo dzina la Aristotle.

Peter Abelard (1079–1142) ndiye adasandutsa kutsutsana kwa mfundo kukhala njira yophunzitsira zaumulungu. Ali mnyamata adatchuka ku Paris pomupanikiza mphunzitsi wake William wa ku Champeaux pa mtsutso. Buku lake la Sic et Non, ndiye kuti "Inde ndi Iyai", lili ndi mafunso 158. Pansi pa funso lililonse adaunjika mau a Malembo Oyera ndi a Makolo a Mpingo, ena ooneka ngati akuvomera, ena ngati akukana, koma yankho sadalembe. M'mau oyamba adangopereka zida: wophunzira afunse ngati bukulo lilidi la munthu amene amati adalilemba, ngati wokopera sadalakwitse, ngati wolembayo sadasinthe maganizo pambuyo pake, ndipo makamaka ngati olemba aŵiriwo sakutchula liwu limodzi m'matanthauzo osiyana. Ntchito yotsalayo inali ya wophunzira. Ziphunzitso zina za Abelard, makamaka za Utatu Woyera, zidatsutsidwa pa msonkhano wa Mpingo wa ku Soissons mu 1121, ndi wa ku Sens patapita zaka ngati 20, koma njira yake yophunzitsira idakhalabe.

John wa ku Salisbury, amene adaphunzirapo kwa Abelard, akusimba m'buku lake la Metalogicon (1159) kuti patapita zaka pafupi 12 adabwerera ku phiri la Sainte-Geneviève ku Paris kukaona anzake akale. Adaŵapeza akadali pa mafunso omwe aja, osasuntha ndi phazi limodzi lomwe. Pamenepo adazindikira kuti lojiki imathandiza maphunziro ena onse, koma ikakhala payokha imasanduka chumba. Mantha a Plato aja adaonekeranso pamenepa.

3. Yunivesite ya Paris ndi mtsutso waukulu

M'zaka za m'ma 1100 mabuku otsala a Aristotle adafika m'sukulu: Topics, Sophistical Refutations ndi mabuku aŵiri a Analytics. Aphunzitsi adaŵatcha "lojiki yatsopano". Nthaŵi yomweyo sukulu za ku Paris, Bologna ndi Oxford zinali kusanduka mayunivesite. Malamulo amene Kadinala Robert de Courçon adapereka ku Paris mu 1215 adati mabuku a lojiki, akale ndi atsopano omwe, aziŵerengedwa. Adatinso munthu asakhale mphunzitsi wa maphunziro oyambira asanakwane zaka 21 ndi kuphunzira zaka 6, ndipo wa zaumulungu akhale wa zaka 35. Petrus Cantor, mphunzitsi wa ku Paris amene adamwalira mu 1197, adafanizira maphunziro a zaumulungu ndi nyumba: kuŵerenga buku ndiwo maziko, mtsutso ndiwo makoma, kulalika ndilo denga.

Mtsutso waukulu, wotchedwa quaestio disputata, unkayenda motere. Mphunzitsi ankalengeza funso kukadali masiku. Pa tsiku lake anthu ankabwera ndi mfundo zao zotsutsa, ndipo woyamba kuziyankha anali wophunzira wamkulu, wotchedwa respondens, mphunzitsi ali pambali kuti amuthandize akathedwa nzeru. Pa tsiku lina mphunzitsi ankasonkhanitsa zonse zimene zidanenedwa, naziika m'dongosolo, napereka chigamulo chake, determinatio, nayankha mfundo yotsutsa iliyonse payokhapayokha. Kaŵiri pa chaka, pa Adiventi ndi pa Lenti, kunkachitika mtsutso wovuta kopambana, wotchedwa quodlibet. Pamenepo aliyense anali ndi ufulu wofunsa funso lililonse, ndipo mphunzitsi sankadziŵiratu chimene chibwere. Si aphunzitsi onse amene ankalimba mtima kuuchititsa.

Thomas Woyera wa ku Aquino (1225–1274) adakulira m'mwambo umenewu. Pophunzitsa ku Paris koyamba, kuyambira 1256 mpaka 1259, adachititsa mitsutso ya De veritate, ya mafunso 29 ogaŵidwa m'timagawo 253. Tilinso ndi mitsutso yake 12 ya mtundu wa quodlibet. Pa umodzi mwa imeneyi wina adamufunsa chimene chili champhamvu koposa pakati pa vinyo, mfumu, mkazi ndi choonadi, ndipo iye adayankha mofatsa, posiyanitsa mtundu wa mphamvu ya chilichonse. Buku lake lalikulu, Summa theologiae, lili ndi timagawo topitirira 2,600, ndipo kagawo kalikonse ndi mtsutso waung'ono wolembedwa: funso, mfundo zotsutsa, mau a mbali inayo, chigamulo, kenaka mayankho. Otsutsa ndiwo amalankhula poyamba, ndipo amalankhula ndi mphamvu zao zonse. Pa funso lakuti kodi Mulungu alipo, Thomas adaika patsogolo mfundo ziŵiri: yakuti pa dziko pali zoipa, ndi yakuti chilengedwe ndi nzeru za munthu zikwanira kulongosola zonse popanda Mulungu. Ndi mfundo ziŵirizi zimene osakhulupirira akutsamirabe kwambiri mpaka lero. Pa quodlibet yachinai adanena chifukwa chake cha kaphunzitsidwe kameneka: mphunzitsi akagamula funso pongotchula mau a akuluakulu, womvera atsimikiza kuti chinthucho chili choncho, koma achoka m'kalasi ali wopanda kanthu m'mutu. Makolo athu akadati, umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

4. Maseŵera a anyamata

Anyamata ongofika pa yunivesite, ambiri a zaka 14 kapena 15, sankayambira pa mafunso a zaumulungu. Anali ndi maseŵera ao. Buku limene lidafala koposa linali Summulae logicales la Peter wa ku Spain, lolembedwa m'zaka za m'ma 1200, limene lidakhala m'manja mwa ophunzira mpaka m'zaka za m'ma 1500. M'menemo mtundu uliwonse wa silojizimu yolondola uli ndi dzina lothandiza kuukumbukira. Chilembo cha A chinkaimira chiganizo chovomera za zinthu zonse, E chokana za zinthu zonse, I chovomera za zina, O chokana za zina. Motero dzina lakuti Barbara, pokhala ndi A atatu, likutanthauza silojizimu yonga iyi: nyama zonse zimafa, mbuzi zonse ndi nyama, choncho mbuzi zonse zimafa. Apa pokha mpamene panali kuloŵeza pamtima, ndipo kunali konga kuloŵeza maina a zida usanaloŵe m'chipala.

Ntchito yeniyeni inali pa sophismata, ziganizo zosokoneza zimene wina ankazitsimikiza, wina nazigwetsa, onse nafunafuna pamene pabisala mfundo. John Buridan, mphunzitsi wa ku Paris wa m'zaka za m'ma 1300, adasiya chitsanzo chotchuka. Plato akulonda mlatho, ndipo walumbira kuti ngati mau oyamba amene Socrates anene ali oona amulola kuoloka, koma ngati ali abodza amuponya m'madzi. Socrates anena kuti Plato amuponya m'madzi. Akamuponya, ndiye kuti adanena zoona, ndipo ankayenera kuoloka. Akamulola kuoloka, ndiye kuti adanama, ndipo ankayenera kuponyedwa. Mnyamata wolimbana ndi mlatho umenewu amafika pofunsa chimene "choona" chikutanthauza pa zinthu zimene zisanachitike, ndiponso ngati lumbiro lililonse lingathe kusungidwa.

Panalinso maseŵera otchedwa obligationes, amene Walter Burley adalemba malamulo ake cha m'ma 1302. Wotsutsa amapereka chiganizo chabodza, woyankha nkuchilandira mwadala: mwachitsanzo, kuti iye ali ku Rome, chikhalirecho ali ku Paris. Kenaka wotsutsa amaponya ziganizo zina chimodzichimodzi. Chotuluka m'zimene zavomeredwa kale, woyankha ayenera kuchivomera. Chotsutsana nazo ayenera kuchikana. Chosakhudzana nazo achiyankhe monga m'mene zinthu ziliridi. Tsono wotsutsa akati, "Mwina suli ku Rome, mwina ndiwe episkopi," woyankha avomera, popeza chiganizochi sichituluka m'choyamba chija, sichitsutsana nacho, ndipo kunena zoona iye sali ku Rome. Wotsutsa akati, "Ndiwe episkopi," woyankha alibenso pothaŵira, chifukwa wavomera kale kuti ali ku Rome. Amene wavomera ndi kukana chinthu chimodzi chomwecho ndiye wagonja. Phindu la maseŵeraŵa nlakuti munthu amazoloŵera kukumbukira zonse zimene wavomera, ndi kutsata ganizo limene iye salikhulupirira kuti aone kumene likupita.

5. Ajezuiti ndi lamulo la kubwereza

Pofika m'zaka za m'ma 1500 mtsutso unali utayamba kunyansa anthu ophunzira. Erasmus adauseka m'buku lake la Praise of Folly (1511), ndipo Juan Luis Vives, amene adaphunzira ku Paris, adalemba cha m'ma 1520 kabuku kodzudzula aphunzitsi a lojiki kuti amalankhula Chilatini chimene Aroma eni ake sakadachimva, ndi kuti amataya zaka za anyamata pa mikangano yopanda pake. Amene adaupulumutsa mtsutso pa nthaŵi imeneyi ndi Ajezuiti. Ignatius Woyera wa ku Loyola adaphunzira ku Paris kuyambira 1528 mpaka 1535, ndipo adafuna kuti sukulu za chipani chake zitsate njira ya kumeneko. Koleji ya ku Messina idatsegulidwa mu 1548, ya ku Rome mu 1551. Atayesa zolemba ziŵiri, mu 1586 ndi mu 1591, adatulutsa mu 1599 buku la malamulo a maphunziro, Ratio Studiorum, pa nthaŵi ya mkulu wao Claudio Acquaviva. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1700 makoleji ao anali oposa 600.

Filosofi inkatenga zaka zitatu, ndipo chaka choyamba chinali cha lojiki. Tsiku ndi tsiku ophunzira ankabwereza phunziro m'timagulu nafunsana. Loŵeruka kunali mtsutso wa maora aŵiri, ndipo mwezi ndi mwezi kunali wina waukulu, wa m'maŵa ndi masana omwe. Mphunzitsi ankakumbutsidwa kuti tsiku la mtsutso limafuna khama ndipo limabala zipatso molingana ndi tsiku la kuphunzitsa. Ana a m'makalasi aang'ono ankagaŵidwa m'magulu aŵiri opikisana, kaŵirikaŵiri otchedwa Aroma ndi a ku Carthage, ndipo mwana aliyense anali ndi mnzake wa tsidya linalo womutchera khutu kuti amugwire akaphonya.

Lamulo lofunika koposa lili m'malangizo a mphunzitsi wa filosofi. Woyankha ayambe wabwereza mfundo yonse ya wotsutsa osayankhapo kanthu. Kenaka aibwerezenso chiganizo chimodzichimodzi, nanena pa chilichonse kuti concedo, ndavomera, kapena nego, ndakana, kapena distinguo, ndisiyanitsa. Titenge chitsanzo. Wophunzira akuteteza mfundo yakuti munthu ali ndi ufulu wosankha. Wotsutsa akuti: chilichonse chimene Mulungu amadziŵiratu chiyenera kuchitika, Mulungu amadziŵiratu zimene munthu adzasankhe, choncho munthu alibe ufulu. Woyankha abwereza zonsezi monga m'mene zanenedwera. Kenaka asiyanitsa chiganizo choyamba: ngati "chiyenera kuchitika" akutanthauza kuti nzeru za Mulungu sizingaphonye, avomera, ngati akutanthauza kuti kudziŵa kwa Mulungu kumakakamiza munthu, akana. Chiganizo chachiŵiri achivomera, chachitatu achikana. Tsopano wotsutsa ayenera kutsimikiza mbali imene yakanidwayo, osati ina.

Mwambo umenewu ukuoneka ngati wotaya nthaŵi, koma unkachita zinthu zitatu. Munthu sankatha kuyankha mfundo imene mnzake sadanene. Mtima unkayamba waphwa, chifukwa nkovuta kupsera mtima mau amene uli kuŵatchula ndi pakamwa pako. Ndipo onse omvera ankaona poyera liwu lenileni pamene aŵiriwo asiyanira maganizo.

6. Kufooka kwa mtsutso

René Descartes, amene adaphunzira pa koleji ya Ajezuiti ya La Flèche, adalemba mu 1637 kuti silojizimu imathandiza kufotokozera ena zimene munthu akudziŵa kale, ndi kuti sadaonepo choonadi chatsopano chikutulukira pa mitsutso ya m'sukulu, popeza aliyense amangofuna kupambana. John Locke, mu 1693, adachenjeza makolo kuti asalere ana ao m'luso la kukangana. Sayansi yatsopano inkatsamira pa kuyesa zinthu ndi pa masamu, ndipo mayeso olemba adayamba kuloŵa m'malo mwa mtsutso. Ku Cambridge kudangotsala dzina: opambana pa masamu amatchedwa wranglers, ndiye kuti okangana. Ku Sweden munthu woteteza buku la udokotala amakumanabe ndi wotsutsa pamaso pa anthu.

M'chaka cha 1879 mudachitika zinthu ziŵiri. Gottlob Frege adatulutsa buku la Begriffsschrift, limene lidaika lojiki pa njira ya zizindikiro zonga za masamu, ntchito imene munthu angaichite yekha ndi cholembera. Chaka chomwecho Papa Leo XIII, m'kalata ya Aeterni Patris, adalamula kuti filosofi ya Thomas Woyera ibwerere m'sukulu za Mpingo. Idabwereradi, koma makamaka kudzera m'mabuku achidule a Chilatini. M'mabukuwo dongosolo la Thomas lidatembenuzidwa: chigamulo chinkabwera poyamba, maina a otsutsa nkutchulidwa m'mizere yoŵerengeka, mfundo zao nkuikidwa kumapeto pamodzi ndi mayankho okonzeratu. Wophunzira ankalandira yankho asanamve kuŵaŵa kwa funso. Ndi m'nyengo ya mabuku otereŵa m'mene maseminale aakulu ambiri a mu Africa adatsegulidwa, monga ya Kachebere mu 1939. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Optatam totius cha 1965, udapempha kuti kaphunzitsidwe ka filosofi kautse mwa ophunzira chikondi cha kufunafuna choonadi mwakhama ndi kuchitsimikiza, povomerezanso malire a nzeru za munthu.

7. Kubwerera kudzera kwa ana

Njira yakale idatulukiranso kumene sinkayembekezeka. Matthew Lipman, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya Columbia ku New York, ataona kuti ophunzira ake akulephera kutsata mfundo, adaganiza kuti pa msinkhu umenewo kwachedwa kale. Mu 1969 adalemba buku la nthano la ana a zaka ngati 11, Harry Stottlemeier's Discovery, ndipo mu 1974, pamodzi ndi Ann Margaret Sharp, adakhazikitsa bungwe lopititsa patsogolo filosofi ya ana pa Montclair State College. M'nthanoyo mnyamata aphonya funso m'kalasi, ndipo polingalira za kuphonya kwakeko atulukira kuti chiganizo cha "zonse" sichitembenuzika. Kunena kwathu kuno, mbuzi zonse ndi nyama, koma si nyama zonse zimene zili mbuzi. Mnzake wamkazi amuonetsa kuti chiganizo chokana chimatembenuzika: ngati palibe mbuzi imene ili nkhuku, palibenso nkhuku imene ili mbuzi. Zimenezi ndi malamulo a Aristotle, ndipo dzina la mnyamatayo lidapangidwa dala kuti lizimveka ngati la Aristotle.

M'kalasi ya mtundu umenewu ana amakhala mozungulira, amaŵerenga mosinthana, amasankha okha funso, ndipo aliyense wonena ganizo amafunsidwa chifukwa chake. Chasintha nchakuti palibenso magulu aŵiri opikisana. Onse akufufuza pamodzi. Plato adati tidikire zaka 30. Lipman adayankha kuti mankhwala a tiagalu taukali tija ndi kutiphunzitsa mwambo tikadali tating'ono.

Mau otsiriza

Mbiri imeneyi ikusiyira mphunzitsi wa lojiki zinthu zitatu. Choyamba, wotsutsa akhale wamoyo, ndipo apatsidwe mphamvu zake zonse. Wophunzira amene sadamvepo mfundo yake ikugwedezeka amaigwira ngati katundu wobwereka, ndipo tsiku limene adzakumane ndi wotsutsa weniweni adzaitaya kapena adzapsa mtima. Chachiŵiri, pasakhale kuyankha kusanachitike kubwereza. Chachitatu, mtsutso ukhale ndi determinatio yake, ndipo ukhale pa funso limene lili ndi kanthu; apo ai, tidzafanana ndi anzake a John wa ku Salisbury, okalambira pa funso limodzi.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Pa bwalo la milandu kumudzi mfumu sigamula mbali zonse ziŵiri zisanalankhule, ndipo nduna zimayamba zautambasula mlandu ndi mafunso, kuti onse amve pamene pagona nkhani. Kusiyana kwake nkwakuti bwalo limafuna kuyanjanitsa anthu, pamene mtsutso wa m'sukulu umafuna kuyesa mfundo. Koma mwambo wa kumva uli umodzi. Wansembe, mphunzitsi kapena woweruza wamaŵa adzakhala masiku ake ambiri pakati pa anthu osiyana maganizo, ena mwa iwo otsutsana ndi iye mwini. Ngati pa zaka zake za filosofi adazoloŵera kubwereza mfundo ya mnzake mpaka mwini wakeyo atavomera kuti ndi yomweyo, ndiye kuti lojiki idamugwirira ntchito, ngakhale dzina la Barbara atadzaliiŵala.